Mmene jazz imayendera, kuchokera ku New Orleans mpaka ku Chileka

Oyimba jazz asanu amene sanaonanepo akhoza kukumana pa siteji usiku umodzi, mmodzi n'kunena kuti "blues mu F", n'kuwerenga kanayi, onse n'kuyimbira limodzi kwa mphindi 10 popanda pepala, popanda kuyeserera. Womvera koyamba amaganiza kuti aliyense akungoliza zake. Si choncho ayi. Pansi pa mawu onsewo pali chimango chimene onse akuchiwerenga m'mutu, ndipo mbiri ya chambachi ndi mkangano wa zaka zoposa 100 pa funso limodzi: n'chiyani chikhale chomangika, nanga n'chiyani chisiyidwe kuti woyimba apeke pomwepo?

Chimangocho oyimba amachitcha kolasi. Musachisokoneze ndi kolasi ya kutchalitchi, yobwereza pakati pa mavesi. Mu jazz kolasi ndi ulendo umodzi wathunthu wodutsa ma chord (magulu a manoti olira pamodzi) onse a nyimbo, ndipo ukafika kumapeto umayambiranso osapuma. Muyezo wake ndi bar, kachigawo ka mabiti anayi. Blues ili ndi ma bar 12. Mu kiyi ya F, ma bar anayi oyamba amakhala pa F7, awiri otsatira pa B♭7, awiri kubwerera pa F7, imodzi pa C7, imodzi pa B♭7, awiri omaliza pa F7. Kwa amene anazolowera solofa ya m'kwaya, ndiye kuti chord ya do, ya fa, ya do, ya so, ya fa, kenako kubwerera ku do. Fungo lake blues imalitenga ku manoti otsitsidwa: mi ndi ti amayimbidwa motsikirapo, nthawi zina osafika n'komwe theka la sitepe (mtunda wa pakati pa mabatani awiri oyandikana a piyano), pamalo pamene piyano ilibe batani. N'chifukwa chake wa lipenga amapinda noti ndi milomo, wa gitala amakankha waya ndi chala, pamene wa piyano amadinda mabatani awiri oyandikana nthawi imodzi kuti khutu limve chapakati pake.

Chimango china chofala ndi cha ma bar 32, chogawidwa panayi: A, A, B, A, chigawo chilichonse ma bar 8. Chinachokera ku nyimbo za m'masewero a ku Broadway, mumzinda wa New York, ndi m'mafilimu a ku America. Chigawo cha B amachitcha bridge, ndipo kawirikawiri chimapatukira ku kiyi ina. Nyimbo ikamayenda pa mabiti 120 pa mphindi, kolasi imodzi yotereyi, yokhala ndi mabiti 128, imatenga masekondi 64. Bandi imayamba ndi nyimbo yeniyeniyo, imene amaitcha head. Kenako aliyense amatenga makolasi ake, awiri kapena atatu, n'kumapeka nyimbo yatsopano pamwamba pa ma chord omwewo. Chakumapeto amasinthana ndi wa ng'oma ma bar anayianayi, ndiye wina amaloza chala pamutu pake, chizindikiro choti onse abwerere ku head atseke.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amasochera. Makolasi akalumikizana, A womaliza wa kolasi ino amatsatana ndi ma A awiri a kolasi yotsatira, ndiye ma A amakhala atatu mondondozana. Wosawerenga amalowa mu bridge nthawi isanakwane, bandi n'kugawikana pawiri. Mankhwala ake ndi akale: yimbani head chamumtima nthawi yonse imene mnzanu akupanga solo, ngakhale chida chanu chili chete.

Chimango chokha sichipanga jazz popanda kayendedwe kamene amati swing. Pa pepala biti imagawidwa pawiri mofanana, koma poyimba theka loyamba limatalika, lachiwiri limafupika. Pa liwiro lapakati zimakhala ngati biti mwaigawa patatu, noti yoyamba n'kutenga magawo awiri, yachiwiri gawo limodzi. Liwiro likakwera kusiyanako kumachepa mpaka manoti amangotsala pang'ono kufanana, ndipo wokakamira 2 kwa 1 pa nyimbo yothamanga amamveka ngati akutsimphina. Makutu akuno savutika nazo zimenezi, poti ng'oma zathu zambiri zimagawa kale biti patatu. Chimene chimavuta ndi pamene pali kulemera. Phazi lamanzere la wa ng'oma limatseka hi-hat, mbale ziwiri zachitsulo zowombana, pa 2 ndi 4, ndipo omvera akamawomba m'manja pa 1 ndi 3 nyimbo imalemera n'kukhala ngati ya perete.

Wa besi amayenda noti imodzi pa biti iliyonse, zinayi pa bar. Pa biti yoyamba amaika muzu wa chord, noti imene chord imatengerapo dzina, pa yachinayi amaika noti yoyandikana ndi muzu wa chord ikubwerayo, theka la sitepe pamwamba kapena pansi, kuti khutu likokedwere kutsogolo. Wa piyano amaponya ma chord afupiafupi m'mipata imene wa solo wasiya. Mabandi ochokera ku gospel kapena reggae amalakwitsa zinthu ziwiri pano. Wa kiyibodi amapitiriza kudinda muzu ndi dzanja lamanzere, n'kumapondana ndi besi mpaka pansi ponse pamachita matope. Ausiyire wa besi muzuwo. Ndipo piyano ndi gitala zikamaponya ma chord nthawi imodzi, aliyense ndi manoti ake owonjezera, zimawombana; agwirizane kuti wina aperekeza solo ino, wina yotsatira. Palinso msampha wa zida zopumira: lipenga ndi sakisofoni ya tenor zili mu B♭, ya alto ili mu E♭, ndiye maina a manoti awo amasiyana ndi a pa piyano. Wa piyano akati F, wa lipenga ayimbe G, wa alto ayimbe D. Kuiwala chimenechi kumawononga bar yoyamba yeniyeniyo.

Kumene zinayambira

Zonsezi zinakumana koyamba ku New Orleans, doko lapafupi ndi pamene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja. Mzindawu unalamulidwa ndi Afalansa ndi Asipanishi usanakhale wa United States mu 1803, ndipo akapolo ochokera ku Africa ankaloledwa kusonkhana Lamlungu pabwalo lotchedwa Congo Square, kumene ankayimba ng'oma ndi kuvina, chinthu chimene m'madera ambiri a dzikolo chinali choletsedwa. Ukapolo utatha mu 1865, mumzindamo munali magulu awiri a oyimba osakhala azungu. Panali ma Creole, a magazi osakanikirana, ambiri odziwa kuwerenga manoti. Panalinso akuda oyimba ndi khutu, okulira mu blues ndi m'nyimbo zamapemphero zoyambitsa mmodzi ena n'kuvomera. Malamulo atsankho a m'ma 1890 anawaponya onse m'thumba limodzi, ndipo anayamba kupezeka m'mabandi amodzimodzi. Ntchito inalipo: madansi, maperete, ndi maliro, kumene bandi ya malipenga inkaperekeza bokosi kumanda ndi nyimbo ya Mulungu yoyenda pang'onopang'ono, pobwerera n'kuliza yothamanga anthu akuvina m'msewu. Kunalinso ragtime, nyimbo ya piyano yolembedwa noti iliyonse, imene Scott Joplin anatchuka nayo mu 1899: dzanja lamanzere likuguba molunjika, lamanja likugwa pakati pa mabiti.

Dzina limene akuluakulu a mumzindamo ankalitchula poyamba ndi la Buddy Bolden, wa koneti, mtundu wa lipenga lalifupi. Palibe chimbale chake chimene tili nacho. Anamutsekera m'chipatala cha odwala misala mu 1907 ndipo anamwalira komweko mu 1931. Chimbale choyamba cha jazz chinajambulidwa ku New York mu February 1917 ndi Original Dixieland Jass Band, gulu la azungu okhaokha. Zimenezi zimawawa, ndipo sizinathere pomwepo: kangapo konse m'mbiri ya chambachi, amene anayambitsa ankafika mochedwa pakhomo pa ndalama.

Pa kayimbidwe ka New Orleans solo inali yochepa. Zida zitatu zakutsogolo zinkapeka pamodzi, chilichonse pa mzere wake: koneti pa nyimbo yeniyeni, kilarineti ikuluka manoti othamanga pamwamba, tromboni ikutsetsereka pansi kulumikiza ma chord. Zinkatheka chifukwa aliyense ankadziwa malire ake. Koneti ikapuma, kilarineti inkadzaza mpatawo, ikayambiranso n'kuipatsa njira.

Amene anasintha zonsezi ndi Louis Armstrong, wobadwira mumzindamo mu 1901. Mphunzitsi wake King Oliver anamuitanira ku Chicago mu 1922 kuti akayimbe koneti yachiwiri, ndipo kuyambira mu 1925 anayamba kujambula ndi kagulu kake ka Hot Five. Armstrong ankatenga kolasi yathunthu yekha n'kuisandutsa nkhani yokhala ndi poyambira, pokwera ndi potsikira. Ankachedwetsa noti pang'ono kapena kuifulumiza, kotero kuti mzere wake unkayandama pamwamba pa biti m'malo moguba nayo. Mvetserani "West End Blues" ya mu 1928: lipenga limayamba lokha, bandi ili chete, likutsika, kukwera, kusintha liwiro, kenako n'kuwaitana anzakewo. Kuchokera pamenepo jazz inakhala nyimbo ya munthu mmodzi woyimirira kutsogolo. Kumbukirani kuti zimbale za nthawi imeneyo, zozungulira ka 78 pa mphindi, zinkatenga mphindi zitatu zokha mbali imodzi. Woyimba ankapatsidwa kolasi imodzi, mwina theka, ndiye noti iliyonse inkayenera kukhala ndi ntchito.

M'ma 1930 jazz inali nyimbo yovina ya America yense, ndipo maholo akuluakulu ankafuna mabandi akuluakulu. Big band yokhazikika imakhala ndi anthu 16 kapena 17: masakisofoni asanu, malipenga anayi, matromboni anayi, ndi piyano, besi, ng'oma, nthawi zina gitala. Anthu ochuluka chonchi sangapeke onse pamodzi, ndiye zambiri zinkalembedwa, solo n'kupatsidwa malo ake. Masakisofoni ankayambitsa, malipenga n'kuvomera, monga zimakhalira pakati pa mbali ziwiri za kwaya. Bandi ya Count Basie, yochokera ku Kansas City, inkamanga nyimbo pa kachidutswa kobwerezabwereza kotchedwa riff, ndipo mphamvu yake inali kumbuyo: Walter Page pa besi, Jo Jones pa ng'oma, ndi Freddie Green amene ankakwapula gitala yopanda magetsi kanayi pa bar, usiku wonse, pafupifupi osapanga solo. Basie mwiniwake ankadinda manoti ochepa kwambiri.

Duke Ellington anapita njira ina. Sankalembera "sakisofoni yoyamba" koma munthu amene ankamudziwa mawu ake: Johnny Hodges wotsetsereka pa alto, Harry Carney wolemera pa baritone, Bubber Miley amene ankatseka ndi kutsegula kukamwa kwa lipenga ndi mphira wozibulira mapaipi mpaka lipengalo linkamveka ngati likulankhula. Kuyambira mu 1927 mpaka 1931 bandi yake inkayimba ku Cotton Club ku Harlem, dera la mu New York, malo amene oyimba anali akuda koma olowa kudzaonera anali azungu. M'ma 1930 momwemo oyimba pakamwa anatengera njira ya malipenga. Billie Holiday ankatsalira kumbuyo kwa biti dala n'kumasintha manoti a nyimbo, pamene Ella Fitzgerald anadzafika popanga solo ndi mawu opanda tanthauzo, amene amati scat, molondola ngati sakisofoni.

Bebop: pamene ma chord anakhala nkhani yonse

Achinyamata a m'ma big band ankatopa ndi kudikira usiku wonse kuti apatsidwe ma bar 8. Akaweruka ankakumana m'timakalabu ta ku Harlem monga Minton's Playhouse, kumene Thelonious Monk anali pa piyano ndi Kenny Clarke pa ng'oma. Clarke anachotsa ntchito yosunga nthawi ku ng'oma yaikulu yaphazi n'kuipereka ku cymbal, mbale yachitsulo, yakumanja yotchedwa ride, kotero phazi ndi dzanja lamanzere zinamasuka kuti ziziyankhana ndi wa solo. Anthu ambiri sanamve kubadwa kwa chambachi, chifukwa kuyambira mu 1942 mpaka 1944 bungwe la oyimba linaletsa mamembala ake kujambula ndi makampani a zimbale pa mkangano wa malipiro. Pamene zimbale za Charlie Parker, wa sakisofoni ya alto, ndi Dizzy Gillespie, wa lipenga, zinkatuluka mu 1945, chinthucho chinali chitapsa kale, ndipo omvera anadzidzimuka.

Kuti mumve chimene anachita, tengani ma chord atatu amene ali paliponse mu jazz, otchedwa ii-V-I: chord ya re, ya so, ya do. Mu kiyi ya C ndi Dm7, G7, Cmaj7. Manoti awiri okha ndi amene amauza khutu kuti chord yasintha, ya 3 ndi ya 7 kuwerengera pa muzu. Pa Dm7 manotiwo ndi F ndi C. Popita ku G7, F imakhala pomwepo, C imatsika theka la sitepe kukhala B. Popita ku Cmaj7, B imakhala pomwepo, F imatsika kukhala E. Woyimba bebop amathamanga ndi manoti awiri pa biti, koma amaonetsetsa kuti pamene chord ikusintha wagwera pa noti yotereyi, ndipo nthawi zambiri amaizungulira kaye, noti imodzi pamwamba, ina pansi, asanaiponde. Mukachotsa piyano ndi besi n'kumvera sakisofoni yokha, ma chord mumawamvabe. Anawonjezeranso manoti apamwamba pa chord, a 9, 11 yokwezedwa ndi 13: pa C7, amene ndi C, E, G, B♭, ankaikapo D, F♯ ndi A. Wophunzira amene amangothamanga sikelo ya C kukwera ndi kutsika pa ma chord atatuwa salakwitsa noti, koma zimamveka zopanda mchere, chifukwa palibe pamene akutera. Yambani ndi kuyimba ya 3 ndi ya 7 zokha, noti imodzi pa bar, kudutsa kolasi yonse, kenako muzidzaza pakati.

Liwiro nalo linakwera. "Ko-Ko" ya Parker, ya mu 1945, imayenda pafupifupi mabiti 300 pa mphindi pa ma chord a nyimbo yakale yotchedwa "Cherokee", ndipo kolasi yake ya ma bar 64 imatha m'masekondi pafupifupi 50. Kubwereka ma chord chonchi kunali kofala, chifukwa lamulo limateteza nyimbo yapamwambayo osati ma chord ake, ndiye ankangopeka head yatsopano. Gulu linachepa kufika pa anthu asanu, ndipo anthu anasiya kuvina n'kukhala pansi kumvetsera. Pali amene amati apa m'pamene jazz inataya khamu lake, ndipo akunena zoona, koma chilankhulo chimene wophunzira jazz aliyense amaphunzira lero n'chimenechi. Gillespie anatsegulanso khomo lina mu 1947 potenga Chano Pozo, woyimba ng'oma za conga wa ku Cuba. Parker anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34, thupi litawonongeka ndi heroin ndi mowa, ndipo achinyamata ambiri amene ankamutsanzira anagwera m'dzenje lomwelo.

M'ma 1950 njira zinagawikana. Miles Davis, wa lipenga, anajambula mu 1949 ndi 1950 ndi gulu la anthu 9, lokhala ndi tuba ndi French horn, nyimbo zofatsa zimene zinadzatchedwa cool. Art Blakey, wa ng'oma, ndi Horace Silver, wa piyano, anabwezeretsa blues ndi mawu a kutchalitchi, chamba chotchedwa hard bop, ndipo gulu la Blakey la Jazz Messengers linakhala sukulu ya achinyamata kwa zaka zoposa 30. Chimbale cha LP, chimene chinabwera mu 1948 n'kumatenga mphindi zoposa 20 mbali imodzi, chinalola kuti solo zazitali za m'makalabu zimvekenso kunyumba.

Chaka cha 1959 chimaonetsa mkangano wathu uja poyera, chifukwa mayankho atatu osiyana anajambulidwa m'miyezi yoyandikana. John Coltrane, wa sakisofoni ya tenor, anadzaza chimango mpaka pakamwa: "Giant Steps" ili ndi ma chord 26 m'ma bar 16, ikudumpha pakati pa makiyi atatu, B, G ndi E♭, pa liwiro loopsa. Miles Davis anachikhuthula. Mu "So What", pa chimbale cha Kind of Blue, chimango chikadali cha ma bar 32, koma muli masikelo awiri okha: ma bar 16 pa D dorian, 8 pa E♭ dorian, 8 kubwerera pa D. D dorian ndi mabatani oyera a piyano kuyambira pa D mpaka D, kapena re mpaka re mu solofa. Izi amati modal jazz. Zimaoneka zosavuta, ndipo ophunzira amayambira pamenepa, koma zili ndi msampha wake: poti ma chord sakusintha, palibe chokukumbutsani pamene muli, ndipo makolasi akalumikizana mumakhala ma bar 24 pa D yekha. Komanso palibe chokubisani. Ngati mulibe chonena, zimamveka msanga. Coltrane yemweyo anayimba nawo pa chimbalechi, ndipo njira ya modal ndi imene inamufikitsa ku A Love Supreme, pemphero la magawo anayi limene anajambula mu December 1964.

Yankho lachitatu linali la Ornette Coleman, wa sakisofoni ya alto, amene anachotsa piyano n'kusiya kutsata ma chord oikidwiratu. Gulu lake linkayimba head, kenako solo inkapita kumene nyimbo ya woyimbayo ikulowera, wa besi Charlie Haden n'kumamutsatira ndi khutu. Dzina loti free jazz limanamiza anthu kuti palibe mwambo. Mwambo ulipo, koma wasamukira m'makutu: popeza palibe chimango chogwirizira, aliyense ayenera kumva mnzake kuposa kale. Chakumapeto kwa ma 1960 Davis anatenga zida zamagetsi ndi mabiti a rock ndi funk, ndipo amene anadutsa m'manja mwake, monga Herbie Hancock, Wayne Shorter, Joe Zawinul ndi Chick Corea, anatsogolera fusion ya m'ma 1970.

Mmene inafikira kuno

Zimbale ndi mafilimu a ku America zinapeza South Africa ili kale ndi chimango chake. M'ma 1920 ndi 1930, m'makomboni a ku Johannesburg monga Doornfontein, m'nyumba zogulitsira mowa mobisa, munkalira marabi pa limba lopopa ndi mapazi. Marabi amazungulira pa ma bar anayi: chord ya do, ya fa, ya do kachiwiri koma so ili pansi, ndi ya so, kubwereza mpaka kucha. Mulibe bridge. Kupeka kwake n'kosinthasintha tizidutswa tafupi pamwamba pa mkombero umenewu, zomwe zili pafupi ndi mayimbidwe a kumudzi kuposa bebop. Mphepo inkawombanso chobwerera: "Skokiaan", imene August Musarurwa anapeka ku Bulawayo, Armstrong anaijambula mu 1954.

Ku Sophiatown, dera lina la Johannesburg, boma la tsankho lisanayambe kusamutsa anthu mu 1955, achinyamata ankamvera Parker ndi Ellington. Mu January 1960 gulu la Jazz Epistles, mmene munali Kippie Moeketsi pa alto, Hugh Masekela pa lipenga, Jonas Gwangwa pa tromboni ndi Dollar Brand pa piyano, linajambula chimbale cha bebop. Patangotha miyezi iwiri, pa 21 March, apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, misonkhano inaletsedwa, ndipo ambiri mwa oyimbawa anatuluka m'dzikomo. Ellington anamumva Dollar Brand ku Zurich mu 1963 n'kumuthandiza kujambula. Munthu yemweyu, amene anadzatenga dzina loti Abdullah Ibrahim, anajambula "Mannenberg" ku Cape Town mu 1974 ndi Basil Coetzee pa sakisofoni, ndipo nyimboyo ndi mkombero wa marabi woyenda modekha kwa mphindi zoposa 13. Apa pali phunziro kwa woyimba wakuno aliyense: anthuwa ankaidziwa bebop bwino lomwe, koma dziko linawamvera pamene anaiika pa chimango chakwawo. Masekela, mu "Stimela", amatchula Malawi ndi Zambia pakati pa mayiko amene sitima inkatengako amuna opita kumigodi, ndipo chimbale chake cha Phola cha mu 2009 anachikonza ndi Mmalawi woyimba gitala, Erik Paliani.

Njira ya ku Joni ndi ku Salisbury (Harare ya lero) yomweyo ndi imene inabweretsa mawu oti "jazz band" m'midzi yathu. Kuno mawuwa nthawi zambiri amatanthauza gulu la banjo, ng'oma zopanga okha ndi babatoni, monga Chimvu Jazz Band ya Alan Namoko. Magulu amenewa sayimba ii-V-I kapena bridge, ndipo kunena kuti ndi jazz ya ku New York n'kuwanamizira. Ubale wake ndi wodzera mu kwela, nyimbo ya m'misewu ya Johannesburg ya m'ma 1950, imene Spokes Mashiyane anatchuka nayo: swing ya ma big band yoyimbidwa pa chitoliro chachitsulo cha mabowo 6, pamwamba pa mkombero wa marabi. Amene anaika ma chord a jazz yeniyeni pansi pa nyimbo za Chitumbuka ndi Chichewa ndi a m'badwo wotsatira, monga Wambali Mkandawire.

Kwela itazilala ku South Africa, inapitirira ku Chileka. Daniel ndi Donald Kachamba anakhalako ku Salisbury ali ana, kumene anaimva, ndipo atabwerera kwawo m'mudzi wa Singano anapitiriza kuiyimba m'misewu ya Blantyre, kumene katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967. Gulu lawo linali ndi gitala, besi ya chingwe chimodzi yomangidwa pa bokosi, chisekese ndi chitoliro. Besi ya chingwe chimodziyo imagwira ntchito imene Walter Page ankagwira kwa Basie, kuyenda pansi pa biti iliyonse. Chitolirocho sachigwira molunjika pamilomo monga amachitira ana asukulu. Amachilowetsa m'kamwa mopendekeka, cham'mbali mwa tsaya, mpaka kabowo kotulukira mphepo kamafika pakati pa milomo. Akatero mawu amakula, ndipo posuntha milomo pang'ono woyimba amatsitsa mi ndi ti kufika pamalo paja pamene piyano ilibe batani.